Diso la Kumanja la NyaLongwe

NyaLongwe anali telala wa pakhonde la golosale ina pa Chintheche, moyang'anana ndi pokwerera maminibasi. Dzina lake la ubatizo linali Ethel, koma ankalitchula ndi abusa okha. Pakhonde limenelo anakhalapo zaka makumi atatu akupalasa makina akuda amene malume ake anabwera nawo kuchokera ku Joni. Mabulauzi oyera a amayi a Umanyano wa kutchalitchi, mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a ukwati a ku Kande ndi ku Bandawe, zambiri mwa zimenezi zinadutsa pansi pa singano yake.

Maso ake anali achilendo chibadwire. Zakutali sankaziona. Ali mwana ankakhala kutsogolo m'kalasi koma pabolodi ankangoona utsi, mpaka aphunzitsi anamutcha mbuli, iye n'kusiyira sukulu mu sitandade faifi. Bwato likakhala panyanja anzake ankatchula mwini wake, iye osaona n'komwe kuti pali bwato. Koma chinthu chikafika pafupi ndi mphuno, panalibe womuposa. Ankatha kuwerenga ulusi wa nsalu umodziumodzi. Anzake a msinkhu wake atayamba kuvala magalasi ndi kupempha owalowetsera ulusi pasingano, iye ankalowetsa kamodzi n'kamodzi, kwinaku akucheza ndi kasitomala. Pa zonse za m'thupi mwake, chimene ankanyadira chinali chimenechi.

Ng'ala inayambira diso la kumanja. Poyamba linkangochita chifunga, ndipo patapita zaka ziwiri linayera ngati diso la chambo chowiritsa. Anapitiriza kusoka ndi la kumanzere, koma nalonso linayamba kuchita nkhungu m'mbali. Amuna ake, a Jeremiah Mhone, amene anasiya usodzi chifukwa cha msana, ndiwo anamva chilengezo kutchalitchi chakuti madokotala a maso akubwera kuchokera ku tauni kudzakhala sabata imodzi pa chipatala china cha m'deralo.

"Pita, NyaLongwe. Akuti amachotsa ng'alayo n'kuikamo kagalasi. Diso limabwerera mwakale," anatero a Mhone.

Mawu akuti mwakalewo ndi amene anamudzutsa m'mamawa kukaima pamzere.

Dokotala wake anali a Lester Nthanda, bambo wa ku Mulanje, wamtali, woyankhula Chichewa chothamanga. Tsiku limenelo pakhonde la chipatala panali anthu osachepera makumi asanu ndi limodzi. Namwino wina, Phillis, anamufunsa dzina, zaka, mudzi, ngati ali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Adokotala anamuunika ndi tochi, anamukhazika pa makina oyezera diso, n'kuliza kamluzu.

"Diso lanu ndi lalitali, mayi. Munayamba mwavalapo magalasi?"

"Ayi."

"Ndiye mawa mudabwa," anatero akumwetulira, n'kuitana wotsatira.

Opaleshoni siinatenge nthawi. Jakisoni wa dzanzi pambali pa diso, nsalu yobiriwira kumaso, kuwala, madzi ozizira, basi. M'mawa mwake atachotsa bandeji, NyaLongwe anayang'ana pazenera n'kugwira pakamwa. Mtengo wa mango umene unali panja unali ndi masamba, tsamba lililonse palokha. Moyo wake wonse ankadziwa mitengo ngati zigulu zobiriwira. Anawerenga zilembo za pakhoma mpaka mzere wachiwiri kuchokera pansi. Analira, anagwira dzanja la adokotala ndi manja awiri. "Yewo, ada, yewo ukongwa," anathokoza m'Chitonga. Wina anamujambula chithunzi. Anamupatsa mankhwala odontheza, n'kumuuza kuti asawerame, asakhale pautsi, asagwire ntchito kwa mwezi wathunthu.

Mwezi umenewo anautha akuyang'ana zinthu. Anaona mabwato ali kutali ndi anthu ake momwemo. Anaona kuti denga la tchalitchi chawo lili ndi dzimbiri. Anaona kuti a Mhone ali ndi imvi zambiri kuposa mmene ankaganizira.

Tsiku limene anabwerera pakhonde lake, anapukuta makina, anathira mafuta, anatenga ulusi woyera, anaunyowetsa ndi malovu n'kuwerama monga mwa nthawi zonse. Singano panalibe. Panali kanthu kotuwa, konenepa, kopanda bowo. Anasendera pafupi, kanthuko kanangofalikira. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, singano n'kuoneka bwinobwino, koma kumeneko bowo lake linali laling'ono kwambiri, ndipo manja sakanafikako. Anatsinzina diso latsopanolo. Singano inabwera, ili m'nkhungu ya diso la kumanzere. Analitsegulanso. Tsopano singano zinali ziwiri, ina yaikulu ina yaing'ono, zikukankhana.

Anadziuza kuti mwina diso silinapole. Anadikira sabata ina. Sizinasinthe. Anagula magalasi owerengera kwa mnyamata wogulitsa pamsika. Akavala, diso la kumanja linkaona singano, koma la kumanzere linkasokonezeka, pansi n'kumapendekeka ngati ali m'bwato tsiku la mwera. Pofika masana mutu unkakhala ukugunda, mseru uli pakhosi. Pamapeto pake anang'amba kansalu kakuda, n'kumamanga diso la kumanja akamasoka. Makondakitala a maminibasi anazolowera kumuseka.

"Ama, diso limene anakonza adokotala ndi limene mwalitsekanso?"

Iye ankangoluma mano n'kumapalasa.

Mu Julayi, Mavis, wapampando wa kwaya ya amayi, anabwera ndi mpukutu wa nsalu yamtambo. Ankafuna mabulauzi a kwaya yonse, oti akavale pa msonkhano wa ku Bandawe. NyaLongwe akanakana, koma kukana kukanakhala kuvomera kuti watha. Anasoka masabata awiri ndi diso limodzi lachifunga. Tsiku lodzatenga, Mavis ananyamula bulauzi yoyamba n'kuiyang'anitsa padzuwa. Kolala inali yopendekera. Yachiwiri msoko wake unkayenda ngati njira ya nkhanu. Yachitatu inali ndi kadontho kofiirira pamkono, pamene singano inaboola chala cha NyaLongwe n'kutulukira kuchikhadabo.

"Ama NyaLongwe, izi tikavale pamaso pa anthu a mipingo ina?" anafunsa Mavis, mokweza kuti a m'golosale amve. "Mukanangonena kuti maso avuta. Si zochititsa manyazi, ndi ukalamba."

Anasonkhanitsa nsalu yotsala ndi mabulauzi omwe, n'kuwoloka msewu kupita kwa telala wina wa mumsika. NyaLongwe anamuona bwinobwino mpaka kukafika, chifukwa anali atamasula kansalu kakuda kaja. Anaona ngakhale mmene telala winayo anapukusira mutu.

Kunyumba a Mhone anayesa kumutonthoza. "Koma ukuona, NyaLongwe. Chiuta wakupatsa zimene unalibe. Ena akulira kuti aone ngakhale khomo la nyumba yawo."

"Ndinapempha ndani kuti ndizione mabwato?" anakalipa. "Ndine msodzi ine? Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu ndakhala osawaona mabwatowo, ndinafa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ada Mhone. Wanga anali pamphuno penipeni, munthu uja wandichotsera n'kundipatsa wa kutsidya la nyanja."

A Mhone anatenga mpando wawo n'kukakhala pansi pa mtengo.

Madokotala anabweranso mu Ogasiti. NyaLongwe anapita, kansalu kakuda kali m'chikwama. Pakhonde la chipatala panali podzaza ngati poyamba paja, okalamba ambiri atagwira ndodo, ena atagwidwa mkono ndi ana awo. A Nthanda anatuluka kudzayankhula ndi anthu asanayambe ntchito. Ankafotokoza kuti opaleshoni siopsa, kuti diso salichotsa n'kuliika m'mbale monga ena amanamizira. Kenako anamuona.

"Eya! Mayi awa ndikuwakumbuka. Mayi, taimirirani. Awa anabwera mu Meyi diso lili loyera. Lero amawerenga mpaka mzere wa pansi. Auzeni anzanuwa mmene mukuonera."

NyaLongwe anaimirira.

"Ndiwauzedi?"

"Auzeni, musachite manyazi."

"Ine ndine telala. Nonse mukundidziwa. Ndinabwera pano ndikusoka, lero sindikusoka. Adokotala awa anandiika kagalasi koonera ku Likoma, koma singano ili apa sindikuiona." Anatulutsa kansalu kaja n'kukakweza m'mwamba. "Diso lawolo ndimachita kulimanga ndi ichi kuti ndigwire ntchito. Onani chala changa. Sanandifunse kuti ndimadya chiyani, sanandiuze kuti nditaya chiyani. Anangondigoneka ngati mbuzi. Mawu anga ndi omwewo."

Pakhonde manong'onong'o anayamba m'Chitonga, kuchoka benchi ina kupita ina. Mayi wina wachitsikana anaimirira n'kudzutsa bambo ake, nkhalamba yosaona maso onse awiri. NyaLongwe anawazindikira. Anali a Mathews Kamanga a ku Kande, amene kale ankasoka maukonde. Mwana wawoyo anawatsogolera kutuluka pageti. Anthu ena anayi anawatsatira.

Nkhope ya a Nthanda inauma. "Phillis, alowetseni mayiwa," anatero, n'kutembenuka.

M'chipindamo sanamupatse ndi mpando womwe.

"Mukudziwa chimene mwachita?" anafunsa a Nthanda. "Bambo amene atuluka aja akhala mumdima zaka zinayi. Phillis wapita kwawo kawiri kukawanyengerera. Lero abwera, inu mwawabweza ndi pakamwa panu. Ngati adzafe osaonanso nkhope za adzukulu awo, mudziwe kuti mwathandizira."

"Musandisenzetse katundu wanu. Munandiimiritsa ndinu."

"Chifukwa opaleshoni yanu inayenda bwino! Ndinayeza diso lanu, ndinasankha kagalasi koyenera, kali pamalo pake, bala linapola. Munabadwa ndi diso losaona patali, ine ndinachotsa ng'ala n'kukonzanso vuto limenelo nthawi imodzi. Kulikonse kumene mungapite, dokotala aliyense adzakuuzani kuti imeneyi ndi ntchito yabwino. Kagalasi aka sikasintha ngati diso la mwana. Kamaona pamtunda umodzi. Timakaika koonera patali chifukwa anthu amafuna kuona njira, kuona galimoto ikubwera, kuzindikira munthu. Zapafupi amavala magalasi."

"Anthu ake ati?"

"Anthu onse!"

"Ine sindine anthu onse. Ndine NyaLongwe. Zimene mukunena panozi, zakuti kamaona pamtunda umodzi, bwanji simunazinene mu Meyi?"

"Mu Meyi ndinali ndi maso makumi anayi patsiku, mayi. Ndimayamba dzuwa lisanatuluke, ndimadya chiimirire. Magetsi akazima timayatsa jenereta, jenereta ikafa timadikira. Kuchigawo kuno ochita ntchito imeneyi tilipo owerengeka. Ndikati ndizicheza ndi aliyense theka la ola, theka la anthu ali panjawo abwerera osaona. Ndisankhe ati? Komanso wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pakamwa munali napo. Bwanji simunanene kuti mumasoka?"

NyaLongwe anaseka, kuseka kowawa.

"Ndikanadziwa bwanji kuti pali chonena? Ine ndimadziwa kuti magalasiwo alipo amitundu? Munthu akabwera kwa ine ndi nsalu, sindidikira kuti andiuze za m'chiuno mwake. Ndimatenga tepi. Ndimafunsa kuti diresili ndi la kumaliro kapena la ku ukwati. Ngakhale pa Khirisimasi, anthu ali pamzere mpaka kumsewu, ndimafunsa. Ndikadula osafunsa, nsaluyo siibwerera, ndipo wolakwa ndine. Inu munadula diso langa."

A Nthanda anakoka fayilo yake patebulo mwaukali, ngati akufuna kumusonyeza umboni. Anatsegula, anayendetsa chala. Chalacho chinaima.

"Apa analemba kuti ndinu mayi wapakhomo."

"Analemba ndani? Anandifunsa ndani?"

Phillis, amene anaima pakhomo, anayang'ana pansi. "Mzere umenewo timangodzaza, adokotala. Amayi achikulire onse timalemba choncho, abambo timalemba kuti mlimi kapena msodzi. Nthawi imachepa."

A Nthanda anakhala pampando. Anatseka fayilo, anaitsegulanso. Mkwiyo sunawachoke, koma unasowa kolowera.

"Ngakhale akanalemba kuti telala, sindikudziwa ngati ndikanawerenga," anatero potsiriza, motsitsa mawu. "Ndinaona nambala ya diso lanu, ndinasangalala kuti ndikupatsani chinthu chachikulu. Sindinaganize kuti kusaona patali kumeneko ndi kumene kunkakuonetsani pafupi. Ndimazidziwa, zili m'mabuku. Sindinaganize."

"Ndiye kachotseni. Muike kena."

"Ayi."

"Munakaika ndinu!"

"Papita miyezi itatu, kagwirana ndi mnofu wa m'diso. Kukachotsa n'kotheka, koma ndi zipangizo zimene ndili nazo pano ndikhoza kung'amba chimene chikukagwira, diso n'kuwonongekeratu. Sindingaike diso loona pangozi yotero. Mukalipe mmene mungathere, sindichita." Anapuma. "Chimene ndingachite ndi ichi. Diso la kumanzerelo ng'ala yake ikukula, chaka chamawa lidzatsekeka. Limenelo ndikhoza kuikamo kagalasi koonera pafupi. Lina lizionera kutali, lina pamakina."

"Ndikupatseninso lotsalali?" NyaLongwe anabweza kansalu kake m'chikwama. "Ada, mwandiona bwanji?"

Anatuluka osatsazika.

Pamsewu sanakwere minibasi yopita kwawo. Anaima pamthunzi nthawi yaitali. Anali wokwiya ndi adokotala, wokwiya ndi Phillis, wokwiya ndi Mavis. Koma chimene chinkamubaya kwambiri chinali chakuti adokotala anamuponyera a Kamanga pamutu, ndipo katunduyo anakhalapo. Ankawaonabe mmene anatulukira pageti, phazi likufufuza pansi, dzanja lili paphewa la mwana wawo. Anatukwana chamumtima n'kuimitsa minibasi ya ku Kande.

Anawapeza atakhala pakhonde, nkhope italoza kumene kunkachokera mphepo. Mwana wawo, Hannah, ankayanika chinangwa pathandala.

"Ada Kamanga, ndine NyaLongwe, telala."

"Mwatipulumutsa lero, ama," anatero Hannah. "Ine ndimakayika kale."

"Sindinakupulumutseni kanthu. Mlandu wanga ndi wanga. Ada, inu mukuona chiyani panopa?"

"Ndimadziwa kuti kwacha, ndimadziwa kuti kwada. Basi."

"Ndiye mulibe chimene angakulandeni. Ine anandilanda chifukwa ndinali nacho. Munthu uja manja ake ndi abwino, sindinamve ululu, diso silinatupe. Vuto lake ndi makutu. Mawa mubwerere. Koma musagone pabedi paja asanakufunseni chimene mukufuna kuona."

"Ndikufuna kupita kuchimbudzi ndekha," anatero a Kamanga. "Mwana wamkazi kumanditsogolera kumeneko, zaka zinayi. Zinazo ndi zapamwamba."

NyaLongwe anangonena kuti adzawadikira pageti.

M'mawa mwake analowa nawo m'chipinda cha adokotala popanda womuitana. A Nthanda anamuyang'ana, anayang'ana a Kamanga, sananene kanthu za dzulo. Anawayeza bambowo, kenako anaika cholembera pansi.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji? Mukufuna diso limeneli lizikuonetsani chiyani?"

Anafunsa mouma, ngati munthu amene akumeza mankhwala owawa, koma anafunsa, ndipo anamvetsera yankho mpaka kumapeto. A Kamanga atatuluka kukadikira nthawi yawo, NyaLongwe anatsalira. Anatulutsa tepi yake yoyezera, nsalu ndi singano n'kuziika patebulo.

"Sindinavomere. Ndikufuna ndione kaye chimene mukugulitsacho."

A Nthanda anatenga chimango chachitsulo choyesera magalasi n'kumuveka. Anatseka diso la kumanzere, n'kuika galasi kutsogolo kwa la kumanja. "Khalani mmene mumakhalira pamakina."

NyaLongwe anakoka mpando, anawerama pang'ono, anayala nsalu patebulo. Anayeza ndi tepi kuchoka pa diso kufika pansalu. "Mainchesi khumi ndi asanu ndi atatu. Lembani."

Analemba. Kenako a Nthanda anasintha galasi kawiri. Pa lachitatu ulusi wa nsalu unaoneka, woyera bwino, wopanda nkhungu. Kenako NyaLongwe ananyamula singano n'kuibweretsa pafupi ndi mphuno, pamene ankalowetsera ulusi moyo wake wonse. Inafalikira.

"Apa?"

"Apo ayi," anatero a Nthanda. "Ndikaika kagalasi kofika pamenepo, maso awiriwa adzasiyana kwambiri, mutu umene ukukupwetekaniwo sudzatha. Pamakina mudzaona. Msoko mudzauona. Koma polowetsa ulusi ndi posoka zapamanja zing'onozing'ono mudzafunika magalasi, opangidwira maso anu, osati a pamsika. Mmene munkaonera kale simudzaonanso. Komanso pali anthu ena amene mutu wawo suzolowera kuti diso lina lione kutali lina pafupi. Ambiri amazolowera, koma sindingalumbire."

"Mukanayankhula chonchi mu Meyi, bwenzi ndili ndi maso awiri a ntchito."

"Bwenzi muli nawo."

NyaLongwe anadikira kuti awonjezere mawu odziteteza. Sanawonjezere.

"Kagalasi ka nambala yanu m'bokosi mulibe," anapitiriza. "Timanyamula manambala amene anthu ambiri amafuna. Ndiyenera kuitanitsa. Tidzabweranso mu Novembala."

"Ndiye ndidikire miyezi itatu ndi chinsalu kumaso."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

"Miyambi musiyire ife. Inu itanitsani kagalasiko."

Miyezi itatuyo inali yowawa. Ntchito zazikulu zinapita kumsika. Iye anatsala ndi zigamba, mazipi ndi kupinda masiketi a sukulu. A Kamanga anadutsa tsiku lina pakhonde lake akuyenda okha, atavala chipewa, n'kuima kuti amuthokoze. Anasangalala nawo, koma atachoka mkwiyo unabweranso, chifukwa aliyense wowaona ankatembenukira kwa iye ndi nkhope yonena kuti, nanga inu mumadandaula chiyani?

Mu Novembala anagonanso pabedi lija. Asanamuphimbe nsalu yobiriwira anauza Phillis kuti amusonyeze kabokosi ka kagalasiko, ndipo a Nthanda anawerenga nambala yake mokweza, n'kuifananitsa ndi imene analemba mu Ogasiti. M'mawa mwake atachotsa bandeji, zilembo za pakhoma zinali mbuu ndi diso limenelo, koma mizere ya m'chikhato chake inaoneka yonse. Sanalire, sanagwire dzanja la munthu. Wojambula zithunzi atayandikira, anamubweza ndi dzanja.

"Tionana ndikasoka," anatero kwa adokotala.

Kuzolowera kunatenga pafupifupi miyezi iwiri. Masabata oyamba ankaphonya sitepe ya pakhonde, ndipo kamodzi anathira tiyi pambali pa kapu. Kenako tsiku lina anazindikira kuti wasoka siketi yonse, wadzutsa mutu kuyang'ana minibasi imene inkaimba hutala, wabwereranso pamsoko, osaganizako za maso. Magalasi olowetsera ulusi anafika mu Januwale. Ankawavala ndi kuwavula kambirimbiri patsiku, ndipo nthawi iliyonse ankadzuma. Liwiro lake lakale silinabwerere lonse. Madiresi a ukwati, a mikanda ndi maluwa osokera pamanja, anasiya kulandira.

A Nthanda anapitiriza kubwera miyezi itatu iliyonse. Phillis anamuuza NyaLongwe pamsika kuti masiku ano amachita maso ochepa patsiku chifukwa cha mafunso, ndipo ena amabwezedwa kuti adzabwere ulendo wina, zimene adokotala zimawapweteka mtima ndipo amazinena. NyaLongwe anayankha kuti zimenezo akakambirane ndi amene amawatumiza, awonjezere madokotala.

Chakumapeto kwa mvula, Mavis anatulukira ndi nsalu ina m'jumbo. Anati telala wa mumsika uja wapita ku Mzuzu, ndipo kwaya ikufuna masiketi isanafike Pasaka. Anayankhula mofatsa, akuyang'ana makina osati mwini wake.

NyaLongwe anatambasula nsaluyo, anaipenda, anaikanda ndi chikhadabo.

"Amayi onse abwere Lachiwiri ndidzawayeze ndekha, mmodzimmodzi. Zoyezana kunyumba n'kundibweretsera pakapepala sindilandira. Ndipo masabata atatu, osati awiri."

"Pasaka ili pafupi, ama."

"Ndiye apite nayo ku Mzuzu."

Mavis anasiya jumbo pabenchi n'kunena kuti awauza.